Chifukwa Chake Chipilala Sanalire

1

Pa maliro a mkazi wanga Esther sindinalire. Ndayambira pamenepa chifukwa ku Malindi kuno aliyense amayambira pomwepa akamakamba za ine.

Ndine mphunzitsi wa ku sekondale. Tsiku loika maliro ndinali ndi zambiri m'mutu. Bokosi linachedwa kuchokera ku boma, chimanga chinali chisanapite kuchigayo, ansembe ankafunsa za nyimbo. Ndinkangoyendayenda, kuloza uku ndi uku. Pamene bokosi linkatsikira m'manda ndinaima chilili, manja kumbuyo, ngati ndikuyang'anira mayeso. Sabata yotsatira ndinabwerera m'kalasi.

Kwathu kuno mwamuna wotere amamuyang'ana kawiri. Esther anali munthu wathanzi, wochangamuka, wa geni yake ya nsomba zouma zomwe ankatumiza ku Limbe, ndipo sanadwale nthawi yaitali. Anthu anayamba kunong'onezana. Mlamu wanga Andreya, mlongo wake wa Esther, yemwe amakonza injini za maboti ku Monkey Bay, iye sananong'one. Tsiku lomwe akuchikazi anandisudzula, kundimasula pa ukwati wa malemuyo, ananena pamaso pa anthu:

"Alamu, inu takumasulani. Koma mwanayu ndi mbumba yanga. Akangomaliza sukulu ndidzabwera kudzamutenga. Nyumba yopanda misozi ine sindiikhulupirira."

Ndinati tidzakambirana. Zinthu zambiri ndimaziyankha choncho.

Mwanayo ndi Tayamika, mmodzi yekhayo amene Mulungu anatipatsa. Pa mwambo wathu malume ali ndi mphamvu pa iye kuposa ine. Chomwe chikanamuletsa Andreya chinali chimodzi: Tayamika mwiniwake kunena kuti akufuna kukhala ndi bambo ake. Ndipo ine sindinkadziwa ngati angatero.

2

Atalemba mayeso a Folomu 4, Tayamika anabwera kudzadikira zotsatira pakhomo. Tinkakhala ngati anthu awiri osadziwana amene apezeka m'nyumba imodzi ya lendi.

"Mwadzuka bwanji, ababa?"

"Ndadzuka, kaya iwe?"

"Madzi ali kubafa."

Macheza athu ankathera pamenepo. Koma akangogwira foni nkhope inkasintha. Ankaseka yekha, kutsonya, zala zikuthamanga.

Nkhani yake inali filimu. Pamsika pathu pali nyumba ya vidiyo ya Swadick, bambo wa ana awiri amene ndinamuphunzitsapo kalekale. Amaonetsa mafilimu akunja n'kumawamasulira yekha pa maikolofoni, apa ndi apo kuthiramo Chiyao kuti anthu aseke. Chaka chimenecho achinyamata onse ankadikira filimu imodzi. Ngwazi zisanu za m'mabuku a zithunzi, zomwe kale iliyonse inali ndi filimu yakeyake, tsopano zinali kudzakumana pamodzi. Maina awo achizungu palibe ankawatchula, Swadick anali atawapatsa kale akwathu. Panali Kamphepo wa liwiro, Mapasa awiri, Nyali mkazi wowala, ndi mwamuna wake Chipilala, mtsogoleri wawo, amene mphamvu yake ndi kugwira zinthu zikamagwa, kaya ndi mlatho kaya nyumba yosanja.

Filimuyo inali isanatuluke. Chomwe chinatuluka ndi kachidutswa kotsatsira, kamene iwo amati tireila. M'kachidutswamo muli maliro m'tchalitchi chakale chong'aluka makoma. Pabokosi pali chizindikiro cha Nyali. Kamphepo wagwada, Mapasa akumbatirana akulira. Chipilala waima payekha, msana kukhoma, manja kumbuyo, nkhope ili gwa, maso ouma. Kenako mdima.

Swadick anatsegula gulu la pa Watsapu loti anthu azitsutsirana zomwe zidzachitike. Musandifunse panopa kuti zolembedwa mmenemo ndinazidziwa bwanji. Ndifikako.

"Nyali sanafe," analemba mnyamata wina. "M'bokosimo muli miyala."

"Uyo si Chipilala weniweni," anatero wina. "Ndi mdani wavala nkhope yake."

"Inu simunaone nsapato za Kamphepo? Zasintha mtundu. Wagulidwa ameneyo!"

"Nsapato ndiye umboni? Ndiye kuti a Swadick agulidwanso, dzulo anaponda zatsopano."

"Wallahi zanga ndi za pa kaunjika," anayankha Swadick.

Koma amene ankalemba mwaukali kuposa onse anali Tayamika.

"Musavutike. Chipilala ndi amene wamupereka Nyali. Munthu amene salira pa maliro a mkazi wake ali ndi chomwe akudziwa. Ine zoterezi ndinaziona ndi maso anga."

Ena anaika tinkhope toseka. Ena anangoti zii, chifukwa ankadziwa kuti walembayo ndi mwana wa ndani.

3

Patapita masiku, m'gulumo munalowa nambala yachilendo yopanda chithunzi. Mwiniwake anadzitcha Mlendo. Ankalemba Chichewa chathunthu, cha mipumiro ndi mipatuliro, moti anyamata anayamba kumutchula Agogo.

"Kachidutswako ndakaonera kangapo," analemba Mlendo. "Taonani paphewa la Chipilala, pakugwera fumbi. Khoma lomwe watsamiralo ndi long'aluka. Ine ndikuganiza kuti walichirikiza ndi msana. Akati agwade kuti alire, tchalitchi chonse chigwera olirawo."

Gulu linatekeseka.

"Agogo aiphula!"

"Bodza, si fumbi limenelo. Foni yanu ndi yosweka galasi, Agogo."

"Ndiye kuti filimu yonse munthu adzangoima pakhoma ngati buluzi?"

Tayamika analemba mzere umodzi wokha: "Ndiye bwanji osanena? Pakamwanso pachirikiza khoma?"

Tayamika anamutsatira Mlendo kumbali, pa macheza a awiri, kuti amalize mkanganowo. Anayamba ndi Chipilala. Sabata isanathe anali akukamba za Esther.

Tayamika anamuuza Mlendo kuti amayi ake ankaimba nyimbo za kwaya akamatembenuza usipa pathandala, koma mawu ake ankangopeka. Anamuuza kuti maliro atangotha bambo ake anapinda zovala zonse za amayi, kuziika m'thiranki, kukhoma. Analemba kuti: "M'nyumba mwathu dzina la amayi lili ngati mawu otukwana. Salitchula. Nthawi zina ndimafuna kuswa mbale kuti ndione ngati angakweze mawu."

Mlendo sankayankha zambiri. Ankafunsa tinthu ting'onoting'ono. "Wadya?" "Chifuwa chija chatha?" "Usamachedwe kumsika, msewu wa kumanda uja ndi wopanda anthu."

Tsiku lina Tayamika anafunsa kuti, "Kodi ndinu ndani?" Yankho lisanabwere anawonjezera: "Ayi, musandiuze. Ndikakudziwani ndisiya kukuuzani zinthu."

Kunyumba ndinaona kusintha. Mwana anayamba kudya bwino. M'mawa wina anandifinyira ndimu mu tiyi, monga ankachitira mayi ake. Ndinakondwa. Ndikuvomereza zimenezo, ndinakondwa.

4

Zotsatira zitatuluka, Tayamika anakhoza bwino, ndipo anapita ku Monkey Bay kukaonetsa amalume ake. Kumeneko anasiya foni pamoto m'chipinda chochezera. Mkazi wa Andreya anaona uthenga ukulowa, anawerenga, n'kupitiriza kuwerenga.

Tsiku lotsatira masana Andreya anatsika pa njinga yamoto pakhomo panga, Tayamika ali kumbuyo maso ali psuu. Anandipeza pakhonde ndikuchonga makope.

"Alamu, mumagona m'nyumba muno kapena mumangochonga? Mwana akunyengedwa ndi chidyamakanda inu muli pompano!"

"Khalani pansi, alamu."

"Sindikhala. Tamverani izi. 'Wadya?' 'Chifuwa chatha?' Ndi mwamuna uti amafunsa mtsikana za chifuwa ngati sakufuna kanthu?"

"Si chibwenzi, amalume!" anatero Tayamika.

"Ndiye ndi ndani?"

"Sindikuwadziwa."

"Ine ndikumudziwa. Gululi mwiniwake ndani? Amakulowetsa ulere m'vidiyo ndani? Amadziwa msewu wa kumanda ndi munthu wa konkuno, si wa ku Lilongwe."

Anaimba nambala ya Mlendo pomwepo. Inali yozimitsa.

Nkhani yotere imathamanga kuposa Kamphepo. Pofika mawa lake msika wonse unkadziwa kuti Swadick wa vidiyo akunyenga mwana wa aphunzitsi. Makolo analetsa ana awo kupitako. Mkazi wake Zena anamanga katundu, natenga ana kupita kwa amayi ake ku boma.

Lachisanu ndinakumana naye Swadick panjira akuchokera ku mzikiti, atavala mkanjo woyera. Anandigwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Aphunzitsi, inu munandiphunzitsa, mukundidziwa. Wallahi mwana wanu ndimamuona ngati wanga. Mukukhulupirira zimene anthu akunenazi?"

"Ayi, sindikuzikhulupirira."

"Ndiye kawauzeni alamu anuwo. Zena wapita ndi ana. M'nyumba mwanga mukulira makoswe okha."

"Tikambirana," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasiya dzanja langa. Nkhaniyi ikanatha pamenepo, pa msewu, pakati pa anthu awiri. Ine ndinapita kunyumba kukamaliza makope.

5

Andreya anaitanitsa bwalo Lamulungu, titaweruka kutchalitchi. Tinakhala panja pa nyumba yanga. Kunabwera azimayi akuchikazi, kunabwera Swadick ndi amalume ake, ndipo Zena anachokera ku boma kuti adzamve yekha. Anakhala pamphasa patali ndi mwamuna wake, atafunda mpango mpaka pamphumi.

Swadick anaika foni yake patebulo. "Fufuzani. Tsegulani paliponse."

"Chidyamakanda chimakhala ndi foni imodzi?" anatero Andreya. "Inayo wabisa kuti?"

"Ndilumbire pa chiyani kuti mundimve?"

"Ulumbire pamaso pa mkazi wakoyo. Taona mmene wamuchititsira manyazi."

Zena sanadzutse mutu. Ine ndinali pampando wanga, manja pamaondo. Ndinkadziuza kuti umboni ukasowa anthu atopa, abalalika, nkhani izizirira yokha.

Pamenepo Tayamika anaimirira.

"Njira ilipo. Ukafuna kutumizira munthu ndalama pafoni, usanatsimikize, pamabwera dzina la mwini nambala. Ndinkadziwa kalekale, koma sindinkafuna kuwadziwa. Tsopano a Swadick akuvutika chifukwa cha ine."

"Tayamika, dikira," ndinatero.

Mawu anga anatuluka aang'ono, monga mwa masiku onse. Sanandimve, kapena anamva koma anazolowera kuti ndikalankhula sipatsatira kanthu. Analemba nambala ija. Anayang'ana. Foni inamupulumuka n'kugwera pamchenga.

Andreya anaitola. Anawerenga, milomo ikuyenda popanda mawu. Kenako anatchula mokweza dzina lonse la mlongo wake, la Esther.

"Mayo ine!" anakuwa mayi wina wakuchikazi. Mnzake anaimirira akubwerera m'mbuyo, akuloza nyumba yanga.

"Ndondocha! Sanafe Esther! Anamupha m'matsenga, wamusunga m'nyumbamo kuti azimugwirira ntchito!"

"Ndinanena ine," anatero Andreya. "Maso ouma aja. Ndinanena ine!"

Anthu odutsa anayamba kuima kumpanda. Wina ananena zothyola chitseko. Zonsezo ndikanatha kuzipirira, ndinali nditazolowera kunenedwa. Chomwe sindinathe kupirira ndi nkhope ya mwana wanga. Sanali ndi mantha ngati enawo. Anali atagwira pachifuwa, akuyang'ana chitseko cha nyumba, ndipo m'maso mwake munali chiyembekezo.

"Amayi?" anatero motsitsa. "Nthawi yonseyi ndimalankhula ndi amayi?"

6

Ndinaimirira, kulowa m'nyumba, kutsegula thiranki ija. Pansi pa zovala za Esther panali kafoni kakang'ono kokulungidwa m'chitenje chake cha chigwirizano cha amayi. Ndinakayatsa, ndinatuluka nako, ndinakaika patebulo pafupi ndi foni ya Swadick.

"Imba," ndinamuuza Tayamika.

Sanasunthe. Andreya ndiye anaimba. Kafoniko kanalira.

"Mlendo ndine," ndinatero.

Ndinafotokoza nditaimirira, ngati m'kalasi, chifukwa njira ina sindiidziwa. Esther anali ndi layini yachiwiri ya makasitomala ake a nsomba a ku Limbe. Tayamika sankaidziwa, nthawi imeneyo anali ku sukulu yogonera konko. Esther atamwalira sindinafune kuti layiniyo itsekedwe. Mwezi uliwonse ndinkaithira mayunitsi. Chifukwa chake sindinkachidziwa. Nthawi zina kunkaimba amayi a ku Limbe kufunsa usipa, ine n'kuyankha kuti mwiniwake sakugulitsanso.

Za gulu la filimu ndinazimva kwa ana a m'kalasi mwanga. Mmodzi anandionetsa zomwe Tayamika analemba za munthu wosalira pa maliro, akuganiza kuti ndikwiya. Sindinakwiye. Ndinamupempha njira yolowera m'gulumo, ndikunama kuti ndikufuna kuona ngati muli zolaula. Ndinalowa ndi layini ya Esther. Ndinkafuna kunena chinthu chimodzi chokha, cha khoma lija, kenako ndituluke. Koma mwana wanga atayamba kundilankhula, ndinalephera kutuluka.

Woyamba kulankhula anali Swadick.

"Aphunzitsi, Lachisanu lija munandiyang'ana m'maso."

"Inde."

"Ndinakugwirani dzanja."

"Inde. Ndinakulakwira, Swadick. Ndinakulakwiraninso inu, mayi."

Zena anavula mpango kumaso. "Ana anga akhala akugona pansi kwa eni, ine ndikunenedwa pa mjigo, inu muli phee ndi makope anu. Ophunzira inu mulibe manyazi?"

Andreya anangokhala pansi, foni ili m'manja, ngati munthu amene wakonzekera kumenyana ndi mkango n'kupeza mbuzi.

Tayamika anabwera pafupi. Sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa.

"Zonse ndinkalemba zija munkawerengera kuchipinda uko?"

"Inde."

"M'mawa n'kumandiyankha kuti ndadzuka, kaya iwe?"

"Inde."

"Ndinakunenani kwa inu nomwe. Ndinakuuzani za amayi, zinthu zomwe sindinauzepo munthu. Chipinda chanu ndi changa pali khoma limodzi, ababa. Limodzi! Munalephera kugogoda, koma kutenga nambala ya amayi munatha."

"Ndinkaopa kuti ukadziwa usiya kulankhula."

"Munaganiza bwino."

Anatenga kafoni kaja, kutsegula kumbuyo, kutulutsa simukhadi, kuimanga pa nsonga ya chitenje chake. Kafoni kopanda kanthuko anandibwezera m'manja.

"Amalume," anatero, "dikirani ndikalongedze."

7

Tayamika ali ku Monkey Bay. Ine ndinapita ku boma ndi mkulu wina wa kutchalitchi kukapepesa kwa makolo a Zena, ndipo Zena anabwerera kwa mwamuna wake. Swadick amandipatsa moni, koma wa dzanja limodzi. Mlendo uja, Swadick anamuchotsa m'gulu tsiku la bwalo lomwelo. Nkhani ya ndondocha sinathe kwenikweni. Pali ana amene amathamanga akamadutsa pa mpanda wanga.

Sabata yatha masana ndinali pakhonde foni yanga italira. Nditayang'ana, panalembedwa dzina lomwe ndinasunga zaka zapitazo: Esther Nsomba. Ndinayankha, ndikudziwa bwinobwino kumene simukhadi ija inapita.

"Ababa."

"Tayamika."

"Layini ya amayi ndikuithira mayunitsi ndine tsopano. Siitsekedwa."

"Zikomo."

"Tireila yachiwiri yatuluka. Mwaiona?"

"Swadick anandichotsa m'gulu."

"Anachita bwino." Kumbuyo kwake kunkamveka injini ya boti ikuyesedwa. "Aonetsanso maliro aja. Fumbi lija likugwadi, si galasi losweka. Koma manja sakuwaonetsa. Anthu akukanganabe. Ena ayamba kunena kuti Nyali adzauka kumapeto."

"Iwe ukuti bwanji?"

"Ine ndikuti Nyali wafa basi. Ndipo Chipilala, ngakhale atachirikizadi khomalo, akanatha kunena kuti anzanga, ndalemedwa kuno. Anzake anali pomwepo."

"Akanatha."

"Sindinakukhululukireni, musaganize choncho. Koma mayunitsi alipo pang'ono. Ndiuzeni za amayi. Ndi pakamwa panu, osati zolemba."

Ndinayamba ndi tsiku lomwe ndinakumana naye koyamba padoko, ine nditavala nsapato zopolisha pamchenga, iye akundiseka ndi anzake kuseri kwa thandala. Ndinati, "Esther anati," ndipo ndinazindikira kuti chimwalirireni dzinalo ndinali ndisanalitchule mokweza. Zomwe zinatsatira sindizilemba pano. Ndingonena kuti chiganizocho sindinachimalize, ndipo mwana wanga sanadule foni. Anadikira mpaka mayunitsi anatha okha.

Inu amene mukuwerenga, sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Chisoni chimvereni Zena ndi ana ake, amene sanalakwe kanthu. Ine ndinkadziona ngati munthu wochirikiza khoma, ndipo ndinaikonda nthano imeneyo chifukwa inkandikometsa. Zoona zake n'zakuti kulemba pa dzina la eni kunali kosavuta kusiyana ndi kugogoda pachitseko cha mwana wanga, ndipo kukhala chete kunali kosavuta kusiyana ndi kupulumutsa munthu amene anandigwira dzanja. Mwina m'nyumba mwanu muli munthu amene mumamudziwa kudzera m'zomwe amalembera ena. Mwina inunso mumati tikambirana. Ine mawu amenewo anandidyera mwana.

Tayamika sananene kuti abwerera, ndipo Andreya akumufunira malo a sukulu ya unamwino. Filimu ija akuti ituluka mwezi wamawa. Ngati Chipilala ndi wachinyengo kapena ayi, sindikudziwa, ndipo ndasiya kumuikira kumbuyo. Lero pochokera kusukulu ndagula mayunitsi. Mawa woimba ndine, pa nambala yanga, ndipo ndikamalize chiganizo chija.